Ankhoswe anakana kundisudzula

Moni abale anga mwa Ambuye, a kuno ku Milange ndi a kutsidya kwa Ruo.

Chaka chatha ndinataya mkazi wanga. Ndinataya tulo. Ndinataya munthu wondiseka ndikapsereza nyemba. Kwa miyezi ingapo ndinatayanso mwana wanga Tadala, ali moyo, ali pamtunda woti njinga imafika.

Mkazi wanga anali wa ku Malawi, kufupi ndi Muloza. Pa pasipoti ya kwawo anali Tiyamike Likaka. Atalandira unzika wa Mozambique chifukwa cha ukwati wathu, pa bilyete, chiphaso chathu cha kuno, analembetsa dzina lake laubatizo ndi la kwathu: Helena Saide. Pasipoti ija ankati adzasintha akapeza mpata. Ankandiseka kuti ndinakwatira mitala osadziwa, Tiyamike wa kutsidya ndi Helena wa kuno, ndipo onse awiri sakonda kusita.

Anadwala kwa nthawi yochepa. Tinakamuika kwawo monga mwa mwambo, ndipo Tadala anatsala ndi agogo ake. Mwanayu anabadwira komweko, choncho kalata yake yobadwira imati mayi ake ndi Tiyamike Likaka.

Sukulu itayandikira kutsegulira ndinapita kukamutenga. Pachipata cha m'malire, wogwira ntchito anapempha chilolezo cha mayi wa mwana, kapena kalata ya imfa yawo. Ndinapereka kalata ya imfa. Anaiwerenga, n'kundifunsa mwaulemu: "Bambo, amene anamwalira ndi Helena. Mayi a mwanayu ndi Tiyamike. Tiyamike ali kuti?"

Ndinamubweza mwana kwa agogo ake n'kuwoloka ndekha.

Anzanga ankati ndingomubereka n'kudutsa naye pamtsinje ngati ena onse. Sindinafune kulowa naye m'nyumba ya mayi ake ngati womuba. Komanso tsiku la kusudzula linali pafupi, pamene akuchikazi amamasula mwamuna woferedwa kuti ukwati watha. Kwathu kuno ana ndi a kwa mayi. Ndinkadziwa kuti ndikangosudzulidwa mapepala ali chonchi, Tadala akulira kutsidya, ine ndizingopita ngati mlendo. Nkhoswe ya mkazi wanga, malume ake a Makwinja, ndinkawaopa kuyambira tsiku la chinkhoswe. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, mkazi mwatenga, mwanayu ndisiyireni.

Tsikulo ndinapita ndi nkhoswe yanga, malume anga a Fernando, amene anapalasa njinga kuchokera ku Majaua. Anthu atakhala pansi, a Makwinja anaimirira.

"Lero sitisudzula munthu," anatero. "Tingamumasule bwanji pamene boma likuti mkazi wake mmodzi akadali moyo?"

Anthu anaseka, ngakhale apongozi anga amene anali asanasekepo chichitikireni maliro. A Makwinja analoza a Fernando. "Ukwatiwu tinamanga awiri, ine ndi nkhalamba iyi. Tikauze boma awiri omwe kuti mwana wathu anali mmodzi."

"Nkhalamba ndinu," anayankha a Fernando. "Ine ndabwera chopalasa."

Anayenda nane mbali zonse ziwiri, kukalumbira kwa majisitireti kutsidya ndi kwa notariyo, wotsimikizira zikalata, kuno, kuti Tiyamike ndi Helena anali munthu mmodzi. Kuno mlembi anawafunsa kuti akumudziwa bwanji malemuyo. A Makwinja anati anamunyamula ali khanda, n'kumupereka kwa anthu amene anabweretsa tambala wowonda pachinkhoswe. A Fernando anati tambalayo a Makwinja anamudya okha, osasiya ndi khosi lomwe. Mlembi anaika cholembera pansi kuti ayambe waseka kaye. Ine ndinatuluka panja pang'ono.

Mapepala anatenga nthawi, koma anatuluka. Pachipata tinapezanso bambo yemwe uja. Anawerenga, anamuyang'ana Tadala, n'kuti, "Pitani bwino, mayi." Kusudzula kunachitika pambuyo pake. A Makwinja anagamula kuti mwana aphunzire kwa bambo ake, tchuthi azikadyera kwa agogo. Pano tikumukonzera ziphaso za mayiko onse awiri, dzina lofanana.

Ndikuthokoza Mulungu, amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa. Inu amene muli pabanja lowoloka malire, konzani mayina pa ziphaso zonse mukadali awiri. Ndipo ngati mwabwezedwa pachipata chilichonse, musasiye kupemphera, musawathawenso akuchikazi.

Tadala ali mu kalasi yoyamba. M'mawa uliwonse amakhala pakati pa miyendo yanga ine nditagwira chipeso, ndipo masiku ano salira kwambiri. Ndimatsata zimene mayi ake anandiuza m'chipatala tsiku lomaliza, ataona mmene ndinamupesera mwanayo:

"Bambo a Tadala, tsitsi la mwana sakoka. Muziyambira kunsonga, pang'onopang'ono. Mudzazolowera."