Anati Ndi Majini, Ife Tinati Ndi Mowa

Malemu athu, amene ambiri a inu mumawadziwa kuti a Makwerero, anabadwa pa 9 Juni 1967. Anali oyamba m'banja la ana awiri. Wachiwiri ndi ine ndaima pano, mng'ono wawo, amene ndimagwira ntchito yosindikiza mapepala. Bambo athu ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsapato, pa katebulo ka galasi pamwamba, ndipo mayi athu ankakolopa m'maofesi.

Abusa, aphunzitsi, achipatala, abale ndi anansi nonse, mbiri imene banja linandipatsa kuti ndiwerenge ndi ya tsamba limodzi. Ndinaisindikiza ndekha dzana, ndipo ikunena kuti malemu atisiya atadwala nthawi yaitali. Si bodza ayi, koma yabisa zambiri. Chiyambire dzulo ndakhala ndikumva zimene zikunong'onedwa kumbuyoko, zakuti mowa wamaliza munthu wanzeru. Sindikudzudzula aliyense, chifukwa amene anayambitsa mawu amenewo ndine. Alamu anga ndi ana andilola kuti nditalikitseko pang'ono, kuti achimwene asalowe m'manda ndi dzina limene si lawo.

Malemu anayamba sukulu mu 1974 ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale mu 1982. Akuluakulu amati m'mimba ndi m'chipala, ndipo kwathu zinaonekera. Ine ndinkakonda mpira ndi phokoso, iwo ankatha tsiku lonse akuyang'ana tsamba la mtengo ndi kagalasi ka bambo kokonzera mawotchi. Mu 1984 manja a bambo anayamba kuvuta. Tizitsulo ta mawotchi tinkawapulumuka, makasitomala anathawa, ndipo kayendedwe kawo kanasanduka dzandidzandi. Anthu anati ndi mowa, ifenso tinavomereza, ngakhale palibe anawaonapo atagwira botolo. Achimwene okha ndi amene ankafunsa kuti, "Koma mowawo amakamwera kuti?" Bambo anamwalira mu 1989, ndipo mayi anawatsatira patapita zaka zitatu.

Mu 1990 malemu anamaliza maphunziro a uphunzitsi nayamba kuphunzitsa bayoloje pa sekondale imene anakhalapo zaka makumi awiri ndi zinayi. Mu 1993 anamanga banja ndi alamu anga, atelala, amene akhala kutsogoloku, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: wamkazi mu 1995, wamwamuna mu 1998, ndi chitsiriza, wamkazinso, mu 2002.

Dzina lakuti a Makwerero anawapatsa ndi ana a sukulu. Chaka chilichonse malemu ankamanga nawo makwerero opotoka a waya, n'kuwapachika kudenga la kalasi, kuti aone ndi maso mmene DNA imaonekera. Popondera pa makwererowo ankaikapo zitsekerero za mabotolo za mitundu inayi. Zitsekererozo ankatola okha poweruka, kuseri kwa mabala, chifukwa kumeneko n'kumene zimapezeka zambiri. Zimenezi ine ndinazidziwa mochedwa, pakuti zaka zonsezo sindinapondepo m'kalasi mwawo.

Koma kundiphunzitsa anayesa. Tsiku lina anandipeza kuntchito ndikukonza zolakwika pa khadi la ukwati wa munthu wina, nandiuza kuti ntchito yanga ndi ya thupi n'zofanana. Anati m'selo lililonse la thupi muli buku lotchedwa DNA, lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C. Bukulo silituluka m'chipinda chake. Selo limangokopera tsamba limene likufuna, n'kutumiza zokoperazo kokapangira zinthu. Kumeneko zilembo zimawerengedwa zitatuzitatu, zitatu zilizonse zimaitana kachidutswa kamodzi, ndipo tizidutswato timalumikizana ngati mikanda mpaka kupanga puloteni. Mapuloteniwo ndi amene amanyamula mpweya m'magazi, kugaya chakudya ndi kugwira ntchito zina zonse. Anatinso buku ndi lomwelo m'diso ndi m'chiwindi, koma diso limawerenga masamba ake, chiwindinso ake. Pomaliza anaseka n'kunena kuti, "Iwe ukalakwitsa chilembo, mkwatibwi amangokutukwana basi. Thupi likalakwitsa, cholakwacho amalandira ndi ana mpaka adzukulu." Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pa makina. Ngati anatchula dzina la masamba a m'bukulo tsiku limenelo, ine sindinalimve.

Mu 2010 zinthu zinayamba kusintha. Choko chinkawagwa m'manja. Zala zinkavina zokha pa bondo akakhala pansi. Munthu wofatsa uja anayamba kupsa mtima ndi nkhani zosadziwika mutu wake, lilime linayamba kulemera, ndipo poyenda mumsewu ankadzandira mpaka oyendetsa njinga kuwakuwiza. Alamu anadandaula kwa ine, ndipo ine sindinachedwe kupeza yankho. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinati atengera bambo, ndipo ndinkatanthauza botolo.

Pa Lamlungu lina masana, mu Ogasiti 2013, ndinaitanitsa banja pabalaza pawo. Ndinali nditapeza jumbo yodzaza ndi zitsekerero za mowa m'kabati yawo ya mabuku, ndipo ndinaikhuthula pa tebulo pamaso pa akazi awo ndi ana awo. Zitsekerero zinamwazika mpaka pansi pa mipando. Achimwene anaziyang'ana, nandiyang'ana ine, ndipo mawu anawatengera nthawi kuti atuluke. Anati, "Si mowa. Ndi majini. Majini a bambo ali mwa ine."

Abale anga, ine ndinaseka. Majini amene ndinkawadziwa ine ndi aja a mizimu yoipa, amene amati amagwira munthu n'kumugwetsa pansi. Sindinkadziwa kuti anthu a sayansi ali ndi majini awoawo. Ndinatembenukira kwa alamu n'kunena kuti, "Mwadzimvera nokha. Munthu wa sayansi wayamba za mizimu. Apa ndiye mutu wapita." Achimwene anatulutsa cholembera kuti atijambulire zimene ankanena, koma chinawapulumuka n'kugubudukira pansi pa mpando. Kupatula iwo, tinalipo anthu asanu m'chipindamo, ndipo palibe anawerama kuti awatolere.

Mu Malichi 2014 mphunzitsi wamkulu watsopano anandiitana kuti amve maganizo a banja, popeza makolo anali atayamba kudandaula. Anandifunsa ngati n'zoona kuti achimwene amamwa. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndinati inde, ndipo ndinasaina kalata yotsimikiza zimenezo. Mwezi womwewo ntchito inatha. Ndine ndemwe ndinalangiza alamu kuti atenge ana akakhale kwina, ati kuti munthu aphunzirepo. Achimwene ndinawapatsa kachipinda kuseri kwa malo anga a ntchito, kumene ndinkasungirako mapepala. M'mawa uliwonse ndikamawapatsa tiyi ndinkawanunkhiza m'kamwa ngati mwana, ndipo iwo ankangotsegula pakamwa osatsutsa. Fungo sindinalimvepo ngakhale tsiku limodzi. M'malo modzifunsa, ndinati ndiye kuti apeza mowa wosanunkha.

Mu Seputembala 2018 mwana wawo woyamba anakwatiwa. Makadi a ukwati ndinasindikiza ndine. Pamalo olemba bambo a mkwatibwi ndinaikapo dzina langa, ndipo ndinauza mwanayo kuti bambo ake akabwera adzatichititsa manyazi pamaso pa apongozi. Mwanayo anandimvera chifukwa ankandikhulupirira. M'mawa wa tsikulo ndinapeza achimwene atavala kale jekete, mabatani atasemphana, atakhala pa bedi kudikira galimoto. Ndinawauza kuti ibweranso kudzawatenga, ndipo sinabwere. Mwanayo ndinakamuuza kuti bambo ake akana okha. Mwanawe, bambo ako sanakane kubwera ku ukwati wako monga ndinakuuzira. Ukudziwa kale zimenezi, koma ndimafuna uzimve ndikuzinena pagulu.

Pa 17 Meyi 2021 malemu anagwa pa masitepe a positi ofesi n'kuthyoka dzanja. Kuchipatala tinapeza dokotala wamkazi amene atangowaona anafuula kuti, "A Makwerero!" Anali mmodzi mwa ana amene anamanga nawo makwerero aja. Atamanga dzanjalo sanatitulutse msanga. Anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa zala zawo, nkhope yawo ndi mayendedwe awo, kenako anandifunsa funso limene palibe anali atafunsapo: kodi kwathu kunali wina amene ankayenda chonchi? Anatenga magazi n'kuwatumiza kutali, ndipo patapita milungu isanu ndi umodzi anatiitana.

Adokotala anati, "Vuto lili m'majini." Ine ndinati, "Adokotala, nanunso?" Anandiyang'ana modabwa, kenako anafotokoza kuti jini ndi dzina la tsamba limodzi m'buku lija la DNA, tsamba lokhala ndi malangizo opangira puloteni imodzi. Anati pa tsamba lina pali zilembo zitatu, C, A ndi G, zimene zimabwerezedwa. Mwa anthu ambiri zimabwerezedwa mwina kamakumi awiri, koma mwa achimwene zinabwerezedwa kamakumi anayi ndi kanayi. Ine wosindikiza ndinamva msanga, chifukwa ndimadziwa zimene zimachitika batani likakanirira pa makina. Puloteni yochokera pa tsamba limenelo imatuluka yaitali mopitirira, ndipo pang'ono ndi pang'ono imawononga maselo a mu ubongo amene amawongolera kuyenda, kulankhula ndi khalidwe la munthu. Anati amawatcha matenda a Huntington, kuti mankhwala ochiza sanapezeke, ndiponso kuti mwana aliyense wa munthu wodwala akhoza kutengera kapena ayi, ngati mmene ndalama yachitsulo imagwera mbali iyi kapena iyo. Anawonjeza kuti chiwindi chawo chinali chabwinobwino, cha munthu wosamwa.

Ndinakhala ngati ndathiridwa madzi ozizira. Mawu amene ndinawaseka pabalaza paja anali olondola chilembo ndi chilembo, ndipo achimwene anali atazindikira okha, kuchokera m'mabuku awo, zaka zisanu ndi zitatu dokotala asananene. Amati wamisala anaona nkhondo, koma kwathu amene anaona nkhondo sanali wamisala, tinachita kumutcha ndife. Achimwene sanandikalipire. Anangoti, "Wamva tsopano?" Tili m'khonde la chipatala anandigwira malaya ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti, "Ukawauze anthu. Za bambonso." Ndinalonjeza.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga waukulu, chifukwa poyamba paja ndinalakwa mosadziwa, koma kuyambira 2021 ndinkadziwa. Banja ndinaliuza, koma kunja ndinatseka pakamwa. Ndinkati ndikuteteza ana, kuti anthu asamati kubanja kwathu kuli magazi oipa, mnyamata ndi chitsiriza angasowe mabanja. Mwina zinali zoona pang'ono. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa kuima pamaso panu ngati mmene ndaimiramu. Ena mwa inu munkandiyamikira mumsewu kuti ndikusunga m'bale wanga chidakwa, ndipo ine ndinkayankha kuti chibale ndi fupa. Achimwene ankandifunsa kuti, "Wawauza?" ndipo ine ndinkati mawa. Mu 2023 mawu awo anatheratu, koma ndikalowa m'chipinda maso awo ankafunsabe.

Alamu anga anabwerera sabata yomwe anamva zoona, nawatenga achimwene kupita nawo kunyumba. Anachotsa mabatani pa malaya awo onse n'kusokerapo zomata, kuti azitha kuvala okha. Mwana woyamba ankabwera tsiku lililonse poweruka kudzawadyetsa ndi supuni, chifukwa kumeza kunali kutavuta. Mu Januwale chaka chino malemu anadwala chibayo nagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya m'mawa wa pa 3 Febuluwale, akazi awo ndi ana onse atatu ali pambali pa bedi.

Ndiye ndikunena lero zimene anandituma zaka zinayi zapitazo. A Makwerero sanali chidakwa. Bambo athu, okonza mawotchi aja, sanali chidakwa. Anadwala matenda a m'majini, majini a m'thupi, osati a mizimu, ndipo palibe amene anawalodza kapena amene analakwa kuti zilembo zija zichuluke. Amene analakwa ndi amene anaseka m'malo mofunsa. Aphunzitsi anzawo amene muli pano, kalata imene inawachotsa ntchito ili ndi dzina langa pansi pake, ndipo ndikupempha kuti mudziwe kuti ndinasainira bodza.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, adzukulu awiri, ndi ine mng'ono wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza adokotala amene anakhala pansi n'kufunsa, anamwino a m'chipinda cha abambo, anansi amene ankathandiza kuwanyamula powasambitsa, abusa ndi mpingo, ndiponso ana a sukulu akale amene mwabwera ambiri chonchi. Alamu, inu sindikudziwa kuti ndikuthokozeni kapena ndikupepeseni, ndiye landirani zonse ziwiri.

Amene muli pafupi mwaona kuti pepalali likugwedezeka m'manja mwanga. Sindikudziwa ngati ndi chisoni kapena ndi zilembo zija, pakuti bambo ndi amodzi. Magazi ndinapereka mwezi watha ndipo zotsatira sizinabwere. Mukadzandiona ndikudzandira mumsewu, mudzandifunse kaye, ngakhale ine sindinawafunse iwo.

Achimwene, ndawauza. Ndachedwa, koma ndawauza. Mzimu wanu uuse mumtendere.