Tsiku Limene Pulogalamu Inaiwala Pamene Inalekezera

M'zaka zija zipani zitangochuluka, ine ndikukhala ku Chilomoni ndipo ndikugwira ntchito pa kakampani kogulitsa mbewu m'tauni, panachitika chinthu chimene a Namakhwa, anzanga a pantchito, mpaka lero amati chinali kutentha kwa Okutobala, koma ine ndimati chinali chala.

Mvetserani, adzukulu. Makompyuta a nthawiyo analibe tizithunzi todina ngati anuwa. Unkalemba dzina la pulogalamu pagalasi lakuda, kenako tizilembo toiuza zochita: ka "s" kosindikiza kalata, ka "d" kosankha dera. Mkati mwake munali kachigawo kolembedwa kale ndi ena, tinkati laibulale, kamene kankawerenga tizilemboto kamodzikamodzi n'kumasunga nambala ya pamene kafika, ngati chala cha munthu wotsatira nyimbo m'buku kutchalitchi. Vuto lake, chalacho chinali chimodzi.

Ine ndinali nditalemba pulogalamu yosindikiza makalata opita kwa alimi, ndipo a Namakhwa anawonjezerapo gawo lawo limene, kalata ikatuluka, linkabwereka kachigawo komweko kuti liwerenge tizilembo take, ndipo likamaliza linkasiya chala poyambirira. Pulogalamu yanga n'kuonanso "s", n'kusindikizanso. Tinapita kukagula tchipisi, ndipo pobwera tinapeza mapepala afika pakhomo, onse akuti, "Okondedwa a Makwinja a ku Bangwe."

Abwana anayang'ana ine, amene ndinali ndisanamalize miyezi yoyesedwa pantchito.

"Mayi, a Makwinjawa ndi malume anu?"

"Makina atenthedwa, bwana," anatero a Namakhwa, uku akukupiza kompyuta ndi fayilo.

Ndinawaonetsa pamene chala chinkabwerera. A Namakhwa, kutenthako osakusiya, anati tilembe kachigawo katsopano kuti aliyense akhale ndi chala chake, ndipo kunena zoona ganizolo linali labwino, ndi mmene ambiri amachitira lero. Koma zikanatenga mwezi, mvula ili pafupi, alimi akudikira makalata. Ine ndinati tisanabwereke tizikopera nambalayo pambali, tikamaliza tiziibwezera pamalo pake. Mizere iwiri yokha, ngakhale ndinavomereza kuti woiwala kubwezera adzatiitaniranso a Makwinja.

Inunso mukabwereka kanthu, muzikasiya pamene munakapeza. Abwana anasankha mizere iwiri ija, ine n'kundilemba ntchito yokhazikika. A Namakhwa, abwanawo anawagulira fani, n'kuwalamula kuti mapepala onse awasenze okha kukapereka kwa watchipisi, amene anakulungira tchipisi m'makalata a Makwinja mpaka Khirisimasi.