Kompyuta Yopanda Mabowo

Chaka cha 1997 chilichonse chinkafuna komiti, ngakhale kugula kompyuta. N'chifukwa chake Mayi Scholastica, mlangizi wa zausodzi wobwera kumene ku Lifuwu, anaitana a Jailosi, tcheyamani wa komiti ya padoko, kuti asankhe limodzi kompyuta yonyamula m'manja imene bungwe lina linalonjeza kugula. Galimoto yopita ku Lilongwe inali panja kudikira yankho.

Mayiwo sankadziwa chimene doko lonse linkadziwa: makoka a a Jailosi sankapuma ngakhale nyengo yoletsa kupha chambo, ndipo nyengoyo inali pakhomo. Wina anali atanong'oneza a Jailosi kuti kompyuta siiwala kanthu. Bambowo mantha anali atawagwira, poti makoka akalandidwa ndiye kuti basi.

"Zosankha ndi zitatu, a Tcheya," anatero mayiwo. "Pulosesa, memole, ndi mabowo olowetsamo zingwe."

"Woyambayo ntchito yake n'chiyani?"

"Ndi injini yake. Pali yothamanga ndi yapang'onopang'ono."

"Yapang'onopang'ono."

"Simunafunse kusiyana kwake."

"Tikuthamangira kuti? Ine mainjini a boti ndagula ambiri, mayi. Yothamanga imamwa mafuta."

"Iyi siimwa mafuta."

"Nanga imamwa chiyani?"

"Palibe. Ikamwa chilichonse imafa."

A Jailosi anayang'ana kapu ya tiyi imene inali patebulo, kenako n'kudzigwira mtima.

"Chabwino. Memoleyo?"

"Pali yaikulu ndi yaing'ono. Pa ntchito ya mapu pamafunika yaikulu."

"Yaing'onoyo imakumbukira mpaka liti? Tinene za dzulo m'mamawa, izikumbukirabe?"

"Ayi. Memole imagwira zimene mukuchita nthawi yomweyo. Mukazimitsa imataya zonse."

"Zonse?"

"Zonse."

"Aaa, koma ndi chinthu chaulemu," anatero a Jailosi, nkhope itawala.

"Zosunga zimapita mu disiki."

Nkhope inazima. "Disikiyo angoisiya konko ku Lilongwe."

"Imabwera ili m'kati."

A Jailosi anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu. "Tiyerekeze, mayi. Munthu wina, osati ine, wina chabe, akukoka khoka lake m'mawa. Chinthuchi chamuona. Chikanena kwa ndani?"

"Chilibe maso."

"Onse amatero. Nthawi ija kunalinso anthu opanda maso. Ukalankhula pa bawo m'mawa, madzulo galimoto yakupeza."

"Bawo mulibemo. Muli masewera a makadi okha."

"Eee, mwaona? Chimatchovanso juga."

Panja dalaivala analiza hutala. Mayi Scholastica anakweza dzanja pawindo kuti adikire.

"Kwatsala mabowo," anatero. "Kompyuta yaikulu ili ndi la magetsi, la pulinta, la foni, ndi la chingwe cha makina oyezera kuya kwa nyanja."

"Imani pomwepo. Chinthuchi chizipita panyanja?"

"Inde."

"Ndi mabowo?"

"Inde."

"Mayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Ndimadziwa. Kuno chinthu chobooka sichikwera boti. Langa likangobooka, ndimamata phula tsiku lomwelo."

"Mukamata phula, chingwe sichilowa."

"Ndiye phula lagwira ntchito yake. La foni lija, limaimbira ndani?"

"Aliyense amene mwamulembera."

"Ngakhale a polisi?"

"Ngati ali ndi kompyuta."

A Jailosi anaimirira, n'kumenya tebulo ndi chipewa. "Yopanda mabowo ilipo?"

"Ilipo yaing'ono, ya awiri okha, la magetsi ndi la pulinta."

"Yomweyo. Injini yofooka, memole yaing'ono, mabowo awiri. Akathanso kutseka limodzi, Mulungu awadalitse."

"Ine ndikufuna yaikulu."

"Ndiye tivote. Tili m'matipate ambiri, munthu amasankha yekha. Ofuna yaikulu?"

Mayiwo anakweza dzanja.

"Ofuna yaing'ono?" A Jailosi anakweza awo. Ataona kuti zafanana, anakwezanso linalo. "Mavoti akalingana, tcheya amawonjezera."

Mayi Scholastica anaganiza pang'ono. "Malamulo a komiti amaterodi. Mwapambana, a Tcheya."

Anatsegula windo n'kuuza dalaivala kuti akagule yaing'onoyo. Injini inalira. A Jailosi anakhala pansi n'kumwa tiyi yense, mtima uli m'malo koyamba sabata imeneyo. Chifundo chinawabwerera.

"Musakhumudwe, mayi. Kugonja ndi gawo la demokalase."

"Sindinakhumudwe. Ndingosintha ntchito."

"Kusintha bwanji?"

"Ikanabwera yaikulu, bungwe linati ndikajambule mapu a pansi pa nyanja. Ndikanakhala kuzilumba nyengo yonse yoletsayi, kuno osaonekako."

A Jailosi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Nanga yaing'onoyi?"

"Ilibe polowetsa chingwe cha makina oyezera, ndipo mapu siingawakwanitse. Imangotha zolembalemba. Ndiye ndizikhala padoko pompano, kulemba boti lililonse lofika, khoka lake ndi nsomba zake."

"Tsiku lililonse?"

"Kuyambira mbandakucha. Ndiyamba ndi maboti anu, poti ndinu tcheya, anthu aonere chitsanzo chabwino."

Galimoto inali itayamba kale kubwerera chambuyo. A Jailosi, munthu amene sanathamangepo chikwatirire, anadumpha benchi, n'kugwetsa mpando, n'kutulukira pakhomo nsapato imodzi itatsala m'kati.

"A Tcheya, voti yatha kale," mayiwo anawakumbutsa ali pawindo.

"Panali chinyengo, wina anavota kawiri!" anakuwa a Jailosi, atakakamira chitseko cha galimoto. "Adalaivala, mukagule yaikuluyo. Injini yothamanga, memole yonse. Ndipo mukawauze kuti ngati mabowo achepa, ndili ndi chiboolero kunyumba."