Zilembo Zitatu Zimene Zinandivula Yunifolomu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mukuwerengera umboni uwu. Ine ndine make Eneless, mayi wamasiye wa ku Nkhulambe, ndipo ndimaphika thobwa logulitsa pamsika. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a chiwindi amene ndinadwala, ngakhale kuti chimene chinandizunza kwambiri sichinali chiwindicho ayi. Anali anthu, ndi zilembo zitatu za Chingerezi. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umachita kuwira.

Njala yaikulu ija itangotha, thupi langa linayamba kufooka. Chakudya sichinkalowa, mkodzo unafiira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kumanja kunsi kwa nthiti kunkandilemera. Kuchipatala ananditenga magazi n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Nditabwerera kukamva zotsatira ndinapeza mzere wafika panja, dokotala ali yekha. Analemba m'kabuku kanga ka kuchipatala mwachangu, n'kundifunsa kuti, "Mayi, mumamwa mowa?" Ndinayankha kuti ayi, nkhope nditakwinya. Anati chiwindi sichili bwino, ndibwerenso pakatha mwezi. Funso lija linandinyansa kwambiri moti ndinangodzuka osafunsa kanthu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Poti Chingerezi sindichidziwa, kabuku kaja ndinapita nako kwa a Namputo, mlembi wa mpingo wathu. Bambo amenewa anagwirapo ukalaliki ku esiteti ya tiyi, ndiye amadziona ngati Chingerezi anabadwa nacho. Anavala mandala, anatsokomola, n'kuloza pamene panalembedwa ALT ndi nambala yozunguliridwa ndi cholembera chofiira. Anati A akuimira alikoho, L ndi levulo, T ndi tesiti, kutanthauza kuti muyeso wa mowa m'magazi, ndipo wanga wadutsa malire. Ananena motsimikiza ngati akuwerenga Malamulo Khumi. Ine mwana wa munthu, amene sindinalawepo ngakhale dontho chibadwire!

Ndinapita ndekha ndi miyendo yanga kukapereka kabuku kwa munthu woti andimangire mlandu. Nanga uchitsiru wina umaposa pamenepa?

Lamulungu lisanafike nkhani inali itafika mpaka kumidzi ya kunsi kwa Michesi. Ena ankati thobwa langa ndimaligoneka masiku anayi kuti lilume, lotsekemera ndigulitse, lolumalo ndizimwa ndekha kuseri. Wina analumbira kuti anandionapo ndikudzandira pobwera kumsika. Inde ndinkadzandira, nanga munthu wodwala atasenza chidebe pamutu angayende ngati msilikali? Akuluakulu a mpingo anandiitana, a Namputo anawerenganso zilembo zawo zija, ndipo anagamula kuti ndiyambe ndasiya kudya Mgonero wa Ambuye ndi kuvula yunifolomu ya amayi mpaka nditalapa. Ndinawafunsa kuti ndilape chiyani. Anati kukanako ndiye chizindikiro cha chidakwa chenicheni.

Bulauzi yoyera imene ndinaivala zaka zambirimbiri, imene ndinaikira maliro a amuna anga, ndinaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Amayi anzanga amene tinkapempherera limodzi odwala anasiya kugula thobwa langa, ankadutsa pa chidebe changa akuyang'ana kumbali. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi nditavala chitenje wamba, manyazi akundidya. Msana unkawawa, mutu unkawawa ndi maganizo, ndiye ndinawonjezera panado amene ndinkamwa kale tsiku ndi tsiku. Ndinawonjezeranso mankhwala a m'botolo amene ndinkagula kwa bambo wina pamsika, amene ankati amatsuka m'thupi monse. Mwezi unatha, kuchipatala sindinabwerereko, poopa kuti akandifunsanso za mowa. Maso anayamba kuoneka achikasu.

Pemphero langa masiku amenewo silinali laulemu, ndivomere. Ndinkati, Ambuye, Inu mukudziwa kuti pakamwa panga sipanadutse mowa, nanga mwangokhala chete bwanji? Tumizani munthu mmodzi yekha woti andiyankhulire. M'maganizo mwanga ndinkayembekezera abusa, kapena mayi wina wolemekezeka.

Amene anabwera anali a Thomu, amuna a mng'ono wanga, chidakwa chodziwika dera lonse. Bambo amenewa ndinali nditawanyoza kwa zaka. Kangapo konse ndinamuuza mng'ono wanga kuti awapitikitse abwerere kwawo, pakhomo pathu sitiweta mkamwini wonunkha kachasu. Anafika m'mawa ndi njinga yawo yopanda mabuleki, ali bwinobwino osalawa, n'kuima pabwalo.

"Alamu, nkhani yanuyi yandikwana," anatero. "Ine ndamwa kuyambira Nkhulambe mpaka kumalire, ndipo aliyense womwa mobisa ndimamudziwa, ngakhale ena amene anakuweruzaniwo. Inu simuli m'gulu lathu. Kwerani, tikamufunse mwini wake analemba zimenezi."

Ndinafuna kukana, poganiza kuti anthu akandiona panjinga ya a Thomu ndiye atsimikiza. Koma akale anati wamisala anaona nkhondo. Ndinakwera, ndipo njira yonse anthu ankatiloza, ine ndikutukwana chamumtima.

Kuchipatala a Thomu analowa nane m'chipinda, chipewa chili m'manja, n'kufunsa mosapsatira ngati ALT ndi muyeso wa mowa. Dokotala uja anaseka mpaka kugwira pamimba, koma atamva zimene zinandichitikira kuseka kunatha. Anati zilembozo ndi dzina la kanthu kamene kamakhala m'kati mwa chiwindi n'kumathandiza ntchito yake. Chiwindi chikavulala, kanthuko kamatayikira m'magazi, ndiye nambala imakwera. Anati zili ngati kuona nandolo atatayika m'njira: umadziwa kuti thumba labooka, koma nandoloyo sakuuza ngati waboola ndi khoswe, msomali kapena minga. Mowa umaboola, inde, n'chifukwa chake amafunsa aliyense. Koma tizilombo tina toyambitsa matenda a chiwindi, mafuta ochuluka m'thupi, ngakhale mankhwala omwa mopyola muyeso, zonsezi zimaboolanso.

Kenako anandifunsa zimene ndimamwa ndikamva ululu. Nditatchula kuchuluka kwa mapiritsi amene ndinkameza pa tsiku, ndi miyezi imene ndakhala ndikutero, ndi botolo la pamsika lija pamwamba pake, anaika cholembera pansi. Anati mapiritsiwo ndi abwino ukamamwa monga mwa muyeso, koma ine ndinkawadya ngati chimanga chokazinga, ndipo za m'botolo palibe amene akudziwa kuti muli chiyani. Anandiyezanso magazi kuti aone ngati muli tizilombo tija, sanatipeze. Anandiuza kuti ndisiye zonsezo tsiku lomwelo ndipo ndizibwera kudzayezetsa. Analembanso kalata ya Chichewa, yomveka kwa aliyense, kuti nambalayo si muyeso wa mowa.

Taonani, abale. Miyezi yonse ija ndinkakangana ndi anthu za mowa umene sindinamwe, uku ndikudzipha ndi zimene ndinkamwadi. Akanapanda kubwera a Thomu, bwenzi ndikumezabe mpaka kumanda, ndipo pamaliro panga a Namputo akanalalikira za kuipa kwa kachasu.

Kalata ija anakaipereka okha a Thomu pamaso pa akuluakulu a mpingo, kanali koyamba kuponda m'tchalitchi chikwatirireni. A Namputo anaiwerenga kawiri, n'kunena kuti Chingerezi cha kuchipatala chimasiyana pang'ono ndi cha ku esiteti. Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, koma chilango chija anachichotsa. Ndawakhululukira chifukwa Ambuye amatero, koma ndimachita kudzikumbutsa m'mawa uliwonse. Patapita miyezi itatu nambala ija inatsika, maso anayera, chilakolako cha chakudya chinabwerera, ndipo bulauzi yanga ndinaitulutsa m'sutikesi.

Tsiku limene ndinapita kukamva zotsatira zomaliza, dokotala anawanyengerera a Thomu kuti nawonso ayezetse. Nambala yawo inaposa yanga, ndipo thumba lawo woboola anali wodziwika. Akulimbana nako kusiya, amagwa n'kudzukanso. Tsopano ndine amene ndimawaperekeza kuchipatala, nditavala yunifolomu yanga yoyera, nditakhala pakaliyala ya njinga yopanda mabuleki ija. Oloza aziloza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa lamwano. Inu amene mwapatsidwa zotsatira za magazi zosamveka, musachite mantha ndipo musapite nazo kwa odziwa Chingerezi a m'mudzi. Funsani amene walemba, mumuuze chilichonse chimene mumamwa, ngakhale cha m'botolo la pamsika, ndipo mubwerere pa tsiku limene wakuuzani. Inu amene mukunamiziridwa, limbani mtima, musaleke kupemphera. Koma mukamapempha mthandizi musamusankhire Mulungu munthu woti atume. Ine ndinapempha mmodzi yekha woti andiyankhulire, ndipo mu mpingo wonse wa anthu ovala zoyera sanapezeke. Anapezeka ndi yemwe ndinkafuna kumuthamangitsa pakhomo. Ambuye akudalitseni nonse, ndipo mukamapemphera muziwakumbukira alamu anga a Thomu.