Maso Achikasu Pamwamba pa Masiki

Omvera anzanga, ndine bambo wa ku Mitundu kuno, wokonda kuwerenga ngakhale nyuzipepala yokulungira mandasi.

Nthawi ya Kolona anandipeza ndi timiyala mu ndulu, koma opaleshoni yochotsa nduluyo inaimitsidwa chifukwa mabedi anadzaza ndi odwala mliriwo. Ndinadikira miyezi yambiri, ndikumadzitama kuti munthu wowerenga ngati ine ndidzadziwa ndekha zikafika poipa.

Tsiku lina nditavala masiki kuti ndipite kumsika, akazi anga anandiyang'anitsitsa, poti pankhope panangotsala maso okha.

"Bambo, masowa achita chikasu ngati papaya. Tiyeni kuchipatala."

"N'kuwerenga kwambiri kumeneku, mayi."

"Mukawerengera mu minibasi. Nyamukani!"

Adokotala anati kamwala kanali katatseka njira ya ndulu, ndipo kudikira kuja kunaitupitsa. Opaleshoni inakhala yaikulu, bala linachedwa kupola, ndipo chaka chimenecho khasu sindinaligwire. Koma ndili moyo, ndipo ndikuthokoza madokotala otopa aja.

Inu amene mukudikira opaleshoni, thupi likasintha musadikire kuitanidwa. Ine mabuku ndimawerengabe, koma maso angawa amene amawawerenga m'mawa uliwonse ndi mayi akunyumba.