Nsapato Yakumanja ya a Tebbutt

"Ndikufuna yakumanjayo."

"Kulibe yakumanja."

"Ili pawindopo. Ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamapita kogula nyuzi."

Awa anali a Desmond Tebbutt, amene anasoka nsapato mufakitale ya Pettifer kuno ku Northampton kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene inatsekedwa. Ankalimbana ndi Gillian, wogulitsa musitolo yotsiriza ya kampaniyo, yomwe nayonso inali yoti itsekedwe Lachisanu.

"Pawindo timaika yakumanzere yokha," anatero Gillian. "Kuti akuba asapindule."

"Ukundiuza ine? Ine? Lamulolo anayambitsa ndi Pettifer wamkulu, akugulitsa pakatebulo kumsika, amayi ako asanabadwe n'komwe!"

"Ndiye mukulidziwa."

"Tamvera, mwana wa Doreen." A Tebbutt anatulutsa nsapato yakuda m'chikwama, naikhazika patebulo mwaulemu ngati khanda. "Tsiku lotseka fakitale anatipatsa aliyense nsapato imodzi yachionetsero. Imodzi! Loweruka mdzukulu wanga akukwatiwa, ndipo womuperekeza kuguwa ndine. Ndivala za Pettifer."

"Tili nazo zambiri. Zotsika mtengo."

"Zobwera pasitima zija? Zomata ndi guluu? Aaa! Mvula yakunoyi ikangozigwera zimayasamula ngati nsomba."

"Loweruka akuti kulibe mvula."

"Sindikunena za mvula!"

"Mwanena za mvula."

A Tebbutt anapumira m'mwamba. "Kale tinali ndi sitolo m'tauni iliyonse. Munthu akalowa, tinkagwada n'kumuyeza phazi."

"Ndikuyezeni?"

"Phazi langa ndimalidziwa! Yapawindoyo ndi mnzake wa iyi. Chikopa chimodzi, msoko umodzi, mwinanso ndinasoka ndine."

"N'zoona, ndi yakale. Koma ndi yakumanzere."

"Zilipo ziwiri!"

"Imodzi."

"Ziwiri! Zaka zonsezi ndakhala ndikuiyang'anira. Mkazi wanga, malemu, ankati, 'Desmond, lowa ukaipemphe.' Ine n'kumati ayi, wa Pettifer sapemphetsa."

"Ndiye lero?"

"Lero ndikugula."

Mayi wina amene ankayesa nsapato zam'nyumba anasiya, nakhala bwinobwino pampando kuti aonere.

A Tebbutt anamukoka Gillian dzanja la juzi mpaka panja. Analoza ndi ambulera. "Iyo! Yakumanzere uku, yakumanja uko, zaima ngati akwati. Nenanso kuti imodzi!"

Gillian anayang'ana, nagwedeza mutu, nabwerera m'kati. Anatsegula kachitseko kakuseri kwa windo, napisa dzanja n'kunyamula yakumanzere ija.

Yakumanja nayo inanyamuka. Inali m'dzanja linanso, lovala juzi yofanana ndi ya Gillian.

A Tebbutt anasendera pafupi. Pamene panali nsapato yawo panatulukira nkhalamba yofiira nkhope, ikuwaloza ndi ambulera.

"Kalilole," anatero Gillian atasuzumira pakhomo. "Nzeru imeneyinso anayambitsa ndi Pettifer wamkulu. Ankati nsapato imodzi izigwira ntchito ya ziwiri."

A Tebbutt analowa pang'onopang'ono. Anaika nsapato ziwirizo pamodzi patebulo. Zonse zinapenya mbali imodzi, ngati anthu odikira basi.

"Koma msokowo," anatero motsitsa mawu, akuusisita ndi chala. "Taona msokowo."

"Ndi wabwinodi."

"Kuguwa si kutali. Ndikhoza kupirira nditavala zakumanzere ziwiri."

"Muzikangokhotera kumanja, a Tebbutt. Mukafikira kwa oyimba."

Mayi wa pampando uja anabisa nkhope m'chipewa. Gillian anatenga bokosi, naikamo yapawindo ija, kenaka anaima ndi pepala lokulungira m'manja.

"Kaliloleyo ndikukulungireninso?"