Kompyuta Imene Anati Ndi Yakufa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine Natembo wa ku Chiparamba. Sukulu ndinalekezera pa zilembo zikuluzikulu, choncho mundipirire, ndilankhula monga ndimayimbira.

Ndinali chidakwa, ine. Kachasu ndinamudziwa nditamera kale imvi. Chinandifikitsa kumeneko ndi maliro a mwana wanga Esinati.

Esinati anali ndi kachipinda ku Chipata, kufupi ndi msika, kumene ankataipira anthu makalata. Makompyuta anali nawo awiri. Yakale inali ya nkhope yakuda bii, tizilembo toyera, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Imeneyo inkafuna munthu wodziwa mawu ake. Ukaphonya chilembo chimodzi, yakana. Koma ukaiuza bwino, inkagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka potseka, osagwa.

Yatsopano, eee, kukongola kwake! Mitundumitundu, tizithunzi, ndi kanthu kogwira m'manja kolozera. Ngakhale ine ndinalozapo, ndipo chinatuluka chithunzi cha Esinati chimene mnzake anamuikiramo, akumwetulira. Koma inali ndi nthenda. Anthu ali pamzere, iyo yauma gwa. Pena nkhope yonse yasanduka yabuluu, ntchito ya m'mawa wonse yapita.

Esinati anandiuza kuti, "Amama, kusiyana kwake si bokosili ayi, ndi nzeru zimene anaikamo zoliyendetsa. Yatsopanoyi ndi yosavuta, koma sindiikhulupirira. Zapamtima panga ndimasunga mu yakudayi."

Zapamtima pakezo zinali nyimbo zanga. Ine nyimbo zinkandibwerera kumunda, khasu lili m'manja. Ndikamupititsira mtedza ku tauni, ankandikhazika pampando. Ine kuyimba, iye kutaipa. Ine kuyimba, iye kutaipa.

Kenaka matenda aja amene anatha ana athu analowa m'nyumba mwake. Anayamba ndi mwamuna wake. Mvula yotsatira, Esinati.

Dothi la pamanda lisanaume, abale a mwamuna anafika ndi lole. Anatenga mipando. Anatenga bedi limene ndinamudwazikirapo. Anatenga ndi makatani omwe. Mlamu wamkulu wa Esinati anayatsa makompyuta onse awiri. Yatsopano inawaonetsa masewera a makadi, onse anaombera m'manja. Yakale inangoonetsa mdima ndi kamzere kophethira. Anaimenyamenya ndi zala, iyo inakana.

"Iyi ndi yakufa. Apatseni ambuyawa azikhalirapo," anatero mlamuyo.

Anaseka. Pa katundu yense wa mwana amene ndinabala ine, ndinapatsidwa chinthu chimene anachiyesa chakufa.

Ndinapita nacho kumudzi kopanda magetsi, ndinachiponya kuseri kwa chitseko. Nkhuku inayamba kuikira mazira pambali pake.

Ndipo nyimbo zinandithawa. Ndikatsegula pakamwa, mawu kulibe. Ndinakwiyira Mulungu. Ndinati, Inu munatenga wolemba, tengani ndi woyimba yemwe. Kutchalitchi ndinaleka. Njira ya kwa ophika kachasu ndiyo inasalala ndi mapazi anga.

Chithunzi chija ndinkachifunabe. Ndinatuma mawu kwa alamu aja, mayankho anabwera akuti makina awo anauma, anasanduka abuluu, ndipo wokonza anafufuta zonse kuti ayambenso. Nkhope ya mwana wanga anaifufuta kuti makadi awo abwerere. Zimenezi mpaka lero zimandiwawa, sindikunamizani.

Tsiku lina kunagwa maliro kwa aneba. Azimayi anati, "Anatembo, tiyambitsireni nyimbo ija ya pa mtsinje." Ndinaimirira ndikununkha mowa. Ndinatsegula pakamwa. Zii. Mayi wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Pamaliropo panali Nazulu, mnzake wa Esinati, kalaliki wa pasukulu ina ku tauni. Ananditsatira kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuuza kuti nyimbo zanga zinaikidwa m'manda pamodzi ndi mwana wanga, ndipo makina amene anazisunga ndi akufa.

"Ndani anati ndi akufa, amama?"

"Alamu ake."

"Aja? Aja amadziwa kunyamula mipando basi. Munawasunga?"

Tinawakweza pa ngolo mpaka kumsewu, kenaka pa galimoto. Kuofesi ya sukulu Nazulu anatsegula bokosi, mphemvu zinabalalika. Anapukuta, anauzira, analumikiza zingwe. Ine ndinakhala pakhomo, wokonzeka kutukwana kumwamba kachiwiri.

Kompyuta ija inalira pang'ono. Mdima uja unabwera pankhope pake, kamzere kaja kanayamba kuphethira. Nazulu anataipa mawu ake mosathamanga. Zilembo zoyera zinatsika, zinatsika, zinadzaza nkhope yonse!

Makina osindikiza anakwekwereza, pepala lalitali linatuluka. Ndinaika chala pa mzere woyamba, ndinawerenga monga mwana wa kalasi yoyamba: "Ndafika pa mtsinje, Yesu, madzi andifika m'khosi." Pamenepo mawu anatuluka okha pakhosi panga. Ndinayimba. Ana a sukulu anadzaza pawindo.

Pakati pa nyimbo Nazulu anandigwira dzanja, nati, "Imani, amama, pano Esinati analembapo china." Anawerenga: "Apa amama aiwala mawu, akuseka."

Ndinagwa pansi. Ndinalira kulira kumene sindinalire kumanda. Ndinati, Ambuye, ndinakuyesani wakufa chifukwa munali chete. Ine ndine ndinaleka kukulankhulani.

Kuyambira tsiku limenelo kachasu sanadutsenso pamlomo panga. Chithunzi sichinabwerere. Alamu aja ndikakumana nawo pamsika, mtima umatenthabe, ndipo kuwakhululukira ndikali kuphunzira. Mundipempherere.

Koma ndikuyimba, abale, ndikuyimba! Zakale ndikuyimba, zatsopano zikubwera, adzukulu anga akutola mawu pakamwa panga. Alemekezeke Yesu amene anandibwezera mawu!

Iwe mayi amene unaika mwana wako m'manda, iwe amene anakulanda mpaka mphasa, ndakuona wakhala kumbuyo uko, pakamwa uli tseke. Usadikire kuti mtima uyambe wapola. Bwera nawo wowawa choncho, udzaime pambali panga. Ine ndiyambitsa, iwe ungovomera.